Kwa mchemwali amene akudikira zotsatira za MSCE

Mwafunsa chimene mungachite popeza simukugona tulo podikira kuti bungwe la MANEB litulutse zotsatira, pamene makolo anu anauza kale abale ndi a kumpingo kuti mupita ku yunivesite. Nkhawa yanu ndi yomveka, makamaka mukakumbukira chimanga chimene anagulitsa kuti akulipirireni fizi.

Ndikukulangizani kuti mukambirane ndi amayi kapena amalume anu panopa, zotsatira zisanatuluke, muwafotokozere maphunziro amene munawalemba bwino ndi amene anakuvutani, kuti tsikulo likadzafika asadzadzidzimuke. Auzeninso kuti malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, ndipo ngakhale amene apeza makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi, sasankhidwa onse ndi NCHE, bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite. Mapointi akapanda kukwana, mukhoza kudzalembanso mayesowo chaka chamawa, kapena kufunsira malo m'makoleji a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA.

Pakadali pano, chepetsani kutsatira mphekesera za pa WhatsApp zonena za tsiku la zotsatira, ndipo masana muzikhala ndi ntchito yogwira. Mukaona kuti mwasiya kudya, kapena maganizo odzivulaza akubwera, musakhale nokha. Uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.