Mafunso Anu: Kusokera Layining'i ku Makatani a Chitenje

Funso: Ndinasoka makatani a chitenje pabalaza, koma sipanathe chaka asuluka kale mbali yoyang'ana panja, ndipo usiku tikayatsa getsi odutsa amationa. Ndikufuna kusoka ena, ulendo uno okhala ndi layining'i. Ndiyambire pati? Mayi wa ku Chilobwe, Blantyre.

Yankho: Mayi, mwaganiza bwino. Dzuwa la Okutobala silinyengerera chitenje, ndiye ndi bwino kuti lizipsereza nsalu yotchipa yamkatiyo, katani n'kumapulumuka. Gulani kaliko kapena popilini woyera kapena wotuwirako. Wakuda musagule, amakoka kutentha komanso amadetsa maluwa a chitenje kukawala.

Musanagwire sizasi, chapani nsalu zonse ziwiri, iliyonse payokha, m'madzi ozizira, muyanike ndi kuzisita. Nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba, ndipo chitenje ndi kaliko sizifupika mofanana. Chitenje chatsopano chimatulutsanso utoto, choncho musachiviike m'beseni limodzi ndi nsalu yoyera.

Tiyerekeze kuti chitsulo chokolekapo n'chotalika masentimita 120, ndipo katani likufunika kutsika masentimita 150. Zitenje ziwiri zikwana, china uku china uku. Koma muchiimike kaye chitenje pazenera muone, chifukwa zambiri maluwa ake amagona chammbali mukaziimika m'litali. Dulani chilichonse masentimita 170: 150 ya katani, 16 ya mpendero wam'munsi, 4 yopinda pamwamba. Layining'i dulani masentimita 161 m'litali, ndipo m'lifupi ichepe ndi masentimita 10 poyerekeza ndi chitenje. Kuchepako musakuope, ndi dala.

Yambani ndi mipendero yam'munsi, nsalu iliyonse payokha. Chitenje pindani masentimita 8 kawiri, layining'i masentimita 5 kawiri, musite, musoke. Kenaka yalani chitenje pansi maluwa akuyang'ana kumwamba, muike layining'i pamwamba pake nkhope yake itayang'ana pansi, mitu yonse itafanana. Kunsi mudzaona kuti layining'i yatsalira ndi masentimita 3, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira kuti isamasuzumire katani likakolekedwa. Lumikizani mphepete ndi mapini, musoke msoko wotalikira sentimita imodzi ndi theka kuchokera kumphepete, mbali ina kenaka inayo, yonse kuchokera pamwamba kutsika. Mukasoka ina chotsika ina chokwera, katani limapotoka. Ngati mphepete yolimba ija ya kufakitale ikukoka, iduleni timabala ting'onoting'ono motalikirana kapena muichotseretu.

Tsopano tembenuzani ngati thumba la pilo. Yalani, muike layining'i pakatikati, ndipo chitenje chidzapindikira kumbuyo masentimita awiri ndi theka mbali iliyonse. Apa ndi pofunika simbi yotentha bwino ndi kudekha, pakuti mzere umene musite ndi womwe udzaoneke pazenera. Pomaliza pindirani kumbuyo masentimita 4 apamwamba aja, nsalu ziwirizo pamodzi, muphimbe ndi tepi ya makatani, musoke mizere iwiri yolowera mbali imodzi. Mangani zingwe za tepi mbali imodzi musanazikoke, apo ayi zisololoka zonse.

Funso: Makatani anga a layining'i atachapidwa akutukumuka m'munsi ngati thumba. Chalakwika n'chiyani? Bambo wa ku Mchesi, Lilongwe.

Yankho: Bambo, yang'anani kunsiko, mupeza kuti nsalu ziwirizo zinasokeredwa pamodzi. Ina yafupika kuposa inzake, ndiye ikuikoka. Masulani msoko wam'munsi wonse ndi lezala mosamala, pamodzi ndi masentimita 20 a misoko yam'mbali, musite, mukoleke katani tsiku lathunthu kuti litsike lokha. Mukatero pindani mpendero wa nsalu iliyonse payokha likadali pazenera, muike mapini, mutsitse n'kusoka. Ngati layining'i yafupika kwambiri, ilekeni choncho. Ili kumbuyo, palibe adzaiyeze.

Funso: Kodi makina apamanja angathe ntchito imeneyi? Mtsikana wa ku Luchenza.

Yankho: Angathe bwinobwino, achemwali, pakuti msoko wake ndi wowongoka basi. Ikani singano ya nambala 14, kapena 16 ngati katani ndi lochindikala, ndipo talikitsani msoko kuti singano izilumpha mamilimita atatu. Msoko waufupi kwambiri umakwinyitsa nsalu yaitali. Katani lisamalendewere pansi posoka. Ikani mpando kapena tebulo lina pambali kuti lizinyamula kulemerako.