Mudzi wa pachithunzi chanu ndi Eyam, m'chigawo cha Derbyshire

Mayi, mwafunsa za chithunzi chakale chimene munagula pamsika wa zinthu zamakedzana ku England, chosonyeza bala yomangidwa ndi miyala yokhala ndi chikwangwani cha Miners Arms, ndipo mwanena kuti kuseri kwake kunalembedwa kuti mudziwo unadzitsekera pa nthawi ya mliri. Ine ndikuona kuti mudzi umenewu ndi Eyam, umene uli m'dera la mapiri la Peak District m'chigawo cha Derbyshire, ndipo ndifotokoza njira imene yandifikitsa pamenepo kuti nanunso muthe kutsimikiza nokha.

Dzina la bala palokha silikwanira, ndipo amene akuyankhani kale kuti ndi ku Cornwall, chigawo china cha England chodziwika ndi migodi, athamangira dzinalo n'kusiya zina zonse. Mayina a mabala ku England amabwerezedwa kwambiri, moti mabala otchedwa Red Lion kapena Royal Oak alipo mazanamazana. Dzina la Miners Arms (mawu akuti miners amatanthauza okumba migodi) limangotiuza kuti anthu a m'deralo ankadalira migodi, koma silitiuza ngati ankakumba malasha, mkuwa kapena mtovu. Ngakhale mu Derbyshire momwemo muli mabala a dzina lomweli ku Winster, ku Brassington ndi ku Carsington, midzi yonseyi ndi ya anthu amene kale ankakumba mtovu. Choncho dzina limachepetsa malo oti tifufuze, koma chimene chimasankha mudzi weniweni ndi mawu a kuseri aja.

Mbiri ya mudzi wodzitsekera ndi ya Eyam. M'chaka cha 1665, pamene mliri unali utavuta mumzinda wa London, telala wina wa m'mudzimo analandira mtolo wa nsalu kuchokera kumeneko, ndipo anthu amakhulupirira kuti munsaluzo munali utitiri wofalitsa matendawo. George Viccars, wothandizira telalayo amene anamasula mtolowo, ndiye anayamba kumwalira mu Seputembala chaka chomwecho. Imfa zinachepa m'nyengo yozizira, koma zitayambiranso mu 1666, m'busa wa tchalitchi cha St Lawrence, William Mompesson, pamodzi ndi Thomas Stanley amene anali m'busa wa mudziwo kale, anagwirizana ndi anthu kuti pasakhale wotuluka kapena wolowa m'mudzimo. Mapemphero anasamutsidwira panja, pachigwa chotchedwa Cucklett Delf, ndipo banja lililonse linkaika lokha maliro ake. Anthu a midzi yoyandikana ankasiya chakudya m'malire, ndipo a ku Eyam ankaika ndalama zolipirira m'mabowo a mwala othiramo viniga, poganiza kuti vinigayo apha matenda. Mwalawo ulipobe panjira yopita ku Stoney Middleton. Anthu pafupifupi 260 anamwalira, mmodzi mwa iwo anali Catherine, mkazi wa Mompesson, amene manda ake ali pabwalo la tchalitchi. Elizabeth Hancock anaika mwamuna wake ndi ana asanu ndi mmodzi m'masiku asanu ndi atatu okha mu Ogasiti 1666, ndipo manda awo, otchedwa Riley Graves, ali m'munda kunja kwa mudzi. Mpaka lero anthu amasonkhana ku Cucklett Delf Lamlungu lomaliza la Ogasiti kukumbukira zimenezi.

Bala ya Miners Arms ya ku Eyam ili mumsewu wa Water Lane, ndipo nyumba yake ndi ya m'zaka za m'ma 1600, kutanthauza kuti ndi ya nthawi yomweyo ya mliri. Eyam nawonso unali mudzi wa okumba mtovu. Zizindikiro ziwirizi zikakumana pamalo amodzi, mudzi wa okumba mtovu komanso mudzi wa mliri, mpata wolakwitsa umakhala wochepa kwambiri.

Komabe ndikulangizani kuti musakhutire ndi mawu a kuseri okha, chifukwa ogulitsa zinthu zakale nthawi zina amalemba zimene akuganiza, ndipo dzina lodziwika ngati Eyam limakweza mtengo. Yang'anani nyumbayo. Nyumba za ku Eyam ndi za miyala yotuwa kapena yoderako, pamene za ku Cotswolds, dera lina la ku England, ndi za miyala yachikasu, ndipo ngati pachithunzi chanu pali denga la udzu ndi makoma opakidwa njereza, ndiye kuti ndi kwina. Werengani mawindo ndi machumuni, muone mbali imene chitseko chili, kenaka muyerekeze ndi mmene nyumbayo ikuonekera pa Google Street View, zithunzi za m'misewu zimene zimapezeka pa intaneti. Chikwangwani ndi penti zimasintha mwini bala akasintha, koma malo a mawindo ndi kapendekedwe ka denga sizisinthasintha.

Pofuna kudziwa nthawi imene chithunzicho chinajambulidwa, onani ngati pali bokosi loponyamo makalata. Zilembo za VR pabokosilo zimasonyeza kuti linaikidwa mu ulamuliro wa Mfumukazi Victoria, amene anamwalira mu 1901, pamene za EIIR, za Mfumukazi Elizabeth yachiwiri, zinayamba mu 1952. Mapu akale a Ordnance Survey, bungwe lojambula mapu ku Britain, amapezeka kwaulere patsamba la pa intaneti la National Library of Scotland, ndipo pamapuwo mabala amasonyezedwa ndi zilembo za PH kapena mawu akuti Inn. Mukatha kujambulanso chikwangwanicho pafupi, tumizani pano, popeza dzina la kampani yofulula mowa limene limalembedwa pansi pake lingatithandize kudziwa zaka zake bwino lomwe.