Asasaine pepala lililonse akadali m'chipatala

Mayi, nkhani ya amuna anu amene adulidwa mwendo atavulala kuntchito yandidzutsira mabala, chifukwa inenso mwendo wanga wamanzere anaudula m'munsi mwa bondo, lamba wa makina atandikoka pafakitale. Chotchingira cha makinawo anali atachichotsa kalekale kuti ntchito izifulumira, ndipo titadandaula, kapitawo anatiyankha kuti wosafuna atuluke, pageti pali anthu ambiri ofuna ntchito.

Ngozi yeniyeniyo sindiikumbukira bwino. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi m'mene mkulu wina wa kampani anafikira pabedi langa, mutu wanga uli wozunguzika ndi mankhwala oletsa ululu, n'kundigwiritsa cholembera akunena kuti pepalalo ndi loti kampani ilipire chipatala. Linali pepala lovomereza kuti ndinavulala chifukwa cha kusasamala kwanga. Nditatuluka m'chipatala ndinadzuka usiku wina kuti ndipite kuchimbudzi, tulo tikadali m'maso, ndipo ndinaponda ndi phazi limene kunalibe. Ndinagwera pachitsa cha mwendocho, ulusi unaduka, magazi anadzaza pansi, ndipo amene anandipeza ndikubuula pamenepo anali mwana wanga wamng'ono, yemwe anangoima pakhomo akunjenjemera, osadziwa kuti andigwire pati. Nthawi imeneyo n'kuti mkulu uja atasiya kuyankha foni yanga. Anzanga amene anaona ngoziyo anakana kuchitira umboni poopa kuchotsedwa ntchito, ndipo iwowo ndimawamvetsa, koma bambo wa cholembera uja sindinamukhululukire.

Amene anandidzutsa ndi a bungwe lina lachifundo lothandiza anthu olumala. Anandiphunzitsa kumanga chitsa ndi bandeji yotanuka, kuyambira kunsonga kukwera m'mwamba, kuti kutupa kuchepe, ndiponso anandiletsa kuika pilo pansi pa bondo, chifukwa bondo likauma lili lopindika, mwendo woikirira umavuta kuyendera. Anandiuzanso kuti kuyabwa ndi kutentha kwa phazi limene kulibe si misala, ambiri odulidwa chiwalo amakumva, ndipo anandionetsa m'mene ndingaikire galasi pakati pa miyendo n'kumayendetsa phazi lotsalalo ndikuliyang'ana m'galasimo, zimene zinandichepetsera ululu. Mwendo woikirira woyamba unakhwepa patapita miyezi, pakuti chitsa chimapitiriza kuchepa, ndipo anandikonzera polowetsa chitsa patsopano osandilipiritsa. Pambuyo pake anandilipirira maphunziro okonza mafoni, ndipo lero ndimadyetsa banja langa ndekha. Mlangizi wawo ndiye anandiuza kuti m'mayiko ambiri chipukutamisozi cha wovulala pantchito sichidalira kuti wolakwa anali ndani, kutanthauza kuti pepala lija cholinga chake chachikulu chinali kundiopseza kuti ndisayambe n'komwe kudandaula.

Langizo langa ndi lakuti musaike mtima wonse pa mabungwe, chifukwa oyembekezera thandizo ndi ambiri ndipo munthu akhoza kufooka akudikira kuitanidwa. Amuna anuwo ayambe okha kulimbitsa manja ndi mwendo wotsalawo, ndipo inu musawachitire zonse, ngakhale zikukupwetekani kuwaona akuvutika povala. Musawalolenso kusunga mkwiyo, chifukwa umalanda mphamvu zimene zikufunika pophunzira kuyenda. Komabe kampaniyo musaisiye. Kanenani za ngoziyo ku ofesi ya boma yoona za ntchito mwamsanga, popeza madandaulo otere amakhala ndi nthawi yake yomaliza, sungani makalata onse a dokotala, lembani mayina a amene anaona ngoziyo asanaopsezedwe, ndipo aliyense wobwera ndi pepala kuchipatala mumuuze alisiye kuti wodziwa malamulo ayambe waliwerenga.