Lutheran yanu ndi iti, mdzukulu wanga?

Mtsikana wina wandilembera, akuti agogo ine ndine wa Lutheran chibadwire ndipo mnyamata amene akufuna kundikwatira nayenso ndi wa Lutheran, koma atabwera ku tchalitchi kwathu tsiku la Mgonero akulu ampingo anamuuza kuti ayambe waonana kaye ndi abusa asanalandire, nde iye wakhumudwa akuti tamusala, anzanga akundiuza kuti ndilembe kalata kwa bishopu.

Mdzukulu wanga, kalatayo usalembe. Ndaseka pang'ono powerenga, chifukwa iwe wati ndiwe wa Lutheran Church of Central Africa (LCCA), nanga bishopu ameneyo umupeza kuti? Kwanuko kulibe udindo wa bishopu, kuli Sinodi ndi atsogoleri ake osankhidwa. Bishopu ali kwa mnyamata wakoyo, ku Evangelical Lutheran Church in Malawi (ELCM). Apa mpamene pagona nkhani yonse, nonse mukuti Lutheran koma ndi mipingo iwiri, ndipo inalowa m'dziko muno panjira zosiyana.

Yanuyo, Lutheran Church of Central Africa, inabwera ndi amishonale a Wisconsin Synod ya ku America. Anayambira ku Lusaka mu 1953 dziko lija likutchedwabe Northern Rhodesia, kuno anafika mu 1963, Richard Mueller ndi Raymond Cox, nakhazikika ku Blantyre. Kwa zaka zambiri Malawi ndi Zambia unali mpingo umodzi wa msonkhano umodzi, mpaka mu 1992 pamene dziko lililonse linayamba kudziyendetsera zinthu zake. Koma sanayambane ayi, mpaka lero amagawana ntchito yophunzitsa abusa, mnyamata amayamba ku Lutheran Bible Institute ku Lilongwe zaka zitatu, kenako seminale ku Lusaka zaka zina zitatu, akatero akakhale kaye pansi pa mbusa wina asanadzozedwe. Nchifukwa chake abusa ndi ochepa kuposa mipingo, mbusa mmodzi amayendera mipingo ingapo, ndipo Lamulungu limene iye kulibe amagwira mpingo ndi akulu ampingo omwewo amene ukuwakwiyirawo.

Ya mnyamata wakoyo, Evangelical Lutheran Church in Malawi, mbiri yake ndi ina, ndipo ine imandisangalatsa ngakhale si yanga. Sinabwere ndi mzungu. Inayamba mu 1982 ndi akhristu wamba, Amalawi amene anakhala kunja nkulowa Lutheran kumeneko, wotsogolera anali a Gilbert Msuku atabwerako ku Tanzania. Bishopu wawo woyamba ndi a Joseph Bvumbwe, likulu ku Lilongwe, mipingo yawo imasonkhana m'maparishi, maparishi m'madinale, dinale iliyonse ili ndi a dini ake, pamwamba bishopu. Iwo ali mu Lutheran World Federation, inu simuli mmenemo, muli ndi anzanu a Wisconsin mu bungwe lina. Katekisimu wamng'ono wa Martin Luther wa 1529 nonse muli naye, koma pa nkhani ya amene mungadye naye Mgonero mumasiyana. Kwanuko chiphunzitso nchakuti kugwada pamodzi pa gome la Ambuye ndi kuvomereza kuti timakhulupirira zofanana pa zonse, nde mlendo aliyense, kaya ndi wa CCAP kaya wa Anglican kaya wa Lutheran inayo, amayamba wakhala pansi ndi abusa. Sanamuone nkhope mnyamata wakoyo, lamulolo analipeza.

Tsono amene analakwitsa ndi iweyo, pepa. Mlendo amadziwa bwanji pamene pali dzenje pakhomo panu? Unayenera kumuuza Loweruka kuti mawa kuli Mgonero, kwathu timachita chonchi, ukhale pa benchi usadabwe, komanso kuwatsina khutu akulu ampingo kuti ndikubwera ndi mlendo. Unamusiya munthu wamkulu aimirire pamaso pa anthu nkubwezedwa, manyazi amenewo ngakhale ine ndikadapsa mtima. Ukamupepese wekha, osati pa WhatsApp, pamaso.

Za ukwati muzitenge mwa dongosolo lake. Ayambe ankhoswe, amalume ako ndi a kwawo agwirizane kaye, kenako akauze akulu ampingo, akuluwo ndi amene akupititseni kwa abusa. Abusa akakhala ndi nkhani yowakulira amadziwa okha kokaifunsa. Inu ana amasiku ano chilichonse mukufuna kuyambira kulikulu, kapena kuponya pa Facebook kuti dziko liweruze, pamene munthu amene adzakudalitseni ukwati ali pompo, amakuona sabata ndi sabata ukuimba kwaya. Ukamudumpha lero, mawa udzamuyang'ana bwanji?

Ndipo funso lenileni simunafunsane, mudzapemphera kuti mukakwatirana? Ana adzabatizidwa kuti? Musati tidzaona, ndaona mabanja ambiri amene ankati tidzaona, Lamulungu m'mawa bambo uku mayi uko mwana akulira pakati. Ngati iye asankha kubwera kwanu alowa kalasi aphunzire ndi abusa mpaka alandiridwe, si chilango, ndi mmene aliyense amalowera. Ngati iwe upita kwawo ukatsanzike bwinobwino kwa abusa ako, osangosowa ngati wathawa ngongole. Ngati aliyense akhala kwake, zimatheka, koma mugwirizane za ana ankhoswe ali pomwepo akumva.

Chimodzi chokha ndikuletse, usadzayerekeze kunena pamaso pa apongozi ako kuti Lutheran yeniyeni ndi yathu. Ndinamumvapo mkamwini wina akunena zotere pa chinkhoswe atakhuta thobwa, anthu anangoti zii, apongozi ake aakazi anadzuka nkupita kukhitchini osabwerakonso mpaka mbale zitatsukidwa. Papita zaka, ana anakula, koma akafika pakhomo paja amamupatsabe mpando wa kunja.