Yankho la azakhali: zimene tinkaonera ndi kuwerenga kuyambira 2000 mpaka 2009

Eya, mwana wa achimwene, uthenga wako ndaumva. Wafunsa kuti pa zaka zija za 2000 mpaka 2009 ndi mafilimu ati, mapulogalamu ati a pa TV ndi mabuku ati amene ndinkawakonda kwambiri, poti iwe nthawi imeneyo unali kumsana kwa mayi ako. Nkhaniyi ndi yaitali, ndiye ndangoti ndilankhule, enanso m'gulu muno amvere nawo.

Choyamba udziwe kuti TV ya kuno kwathu inali yakhanda. Television Malawi, TVM, inatsegulidwa pa 1 Epulo 1999, nthawi ya a Muluzi, ndipo siteshoni ya m'dziko muno inali yomweyo basi. DStv inali ya anthu ochita bwino. Kwa agogo ako tinali ndi ka TV kakang'ono koyendera batire ya galimoto, eliyo titaimangirira ku nsungwi yaitali kuseri kwa nyumba. Mphepo ikawomba chithunzi chinkasanduka mchenga wokhawokha, ndiye bambo ako ankatuluka kukapotoza nsungwi ija, ife m'nyumba tikukuwa, “Pamenepo! Ayi, mwapitirira, bwezani pang'ono!” Ana a m'nyumba zoyandikana ankadzaza pamkeka, akuluakulu pamipando, ena ataima pawindo. Palibe ankaonera yekha. Chilichonse chimene ndikuuze pano tinkachionera pagulu, mawa lake n'kukachikambirana pamjigo.

Mafilimu, ndisakubisire, inali nthawi ya a ku Nigeria. Asanabwere amenewa, m'mavidiyo sho munkalamulira akarate ndi a mfuti, a Jet Li, a Van Damme, ndipo olowamo ambiri anali anyamata. Atafika ma VCD a ku Nigeria, amayi ndi atsikana tinayamba kuonera nawo. Chifukwa chake n'chosavuta: tinkaona anthu akuda ngati ife, ovala nsalu, okhala ndi apongozi, olimbirana chuma cha masiye, othamangira kwa abusa kapena kwa sing'anga zinthu zikavuta. Patience Ozokwor akangotulukira pa sikirini ngati mpongozi wankhanza, amayi onse m'chipindamo ankayamba kudzuma ndi kutukwana, aliyense akukumbukira zake. Anyamata awiri aafupi aja, Osita Iheme ndi Chinedu Ikedieze, amene tinkangowatchula kuti Aki ndi Pawpaw, ana ankawatsanzira mpaka kusukulu. Koma yomwe ine ndinaikonda kuposa zonse ndi Osuofia in London ya 2003, ya Nkem Owoh, munthu wakumudzi wopita ku London kukatenga chuma cha m'bale wake womwalira. Anthu a kumeneko ankamuyesa mbuli, koma mapeto ake ndi iye anawachenjerera. Chimbale chake chinazungulira mudzi wonse mpaka chinakalika, chikafika pakati n'kumangodumpha. Tinkachitulutsa, kuchiuzira mpweya, kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kubwezeranso.

Pali chimodzi chokha chimene mpaka lero chimandipweteka pa mafilimu amenewa. Ufiti unachuluka kwambiri. Nkhalamba iliyonse mufilimu inali mfiti, wolemera aliyense anali wokhwimira, ndipo ana anakula akuona zimenezo tsiku ndi tsiku. Sindikuti mafilimu ndi amene anabweretsa maganizo amenewa, analipo kale, koma anawathirira madzi. Ndikamva za agogo akuzunzidwa m'midzi powanamizira ufiti, ndimakumbukira zimene tinkaombera m'manja.

Big Brother Africa ndingoidutsa mwachangu. Yoyamba inali mu 2003, ife anatiimira Zein Dudha, anapambana Cherise wa ku Zambia. Aphungu a Nyumba ya Malamulo anailetsa pa TVM ati ikuononga chikhalidwe, khoti lalikulu n'kulamula kuti ibwerere. Mu 2008 Hazel anafika mpaka kumapeto n'kukhala wachiwiri, dziko lonse linadandaula. Phokoso linalipo, koma mumtima mwanga sinasiyemo kanthu.

Tsopano ukandifunsa kuti nambala wani ndi chiyani, ine sindizengereza: Tikuferanji. Sewero la bungwe la ADRA, lija la Manganya, a Michael Usi omwewa amene anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Kuti umvetse, uyenera kudziwa mmene zinthu zinalili. Zaka zimenezo maliro anali a sabata ndi sabata. Opala mabokosi anachuluka m'mphepete mwa misewu, aphunzitsi, anamwino, apolisi, anthu a zaka zako zomwezi, ankangopita. Koma pamaliro palibe ankatchula dzina la matendawo. Tinkati wadwala nthawi yaitali, kapena amulodza, kapena ndi kaliwondewonde. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo chaka chomwecho a Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wawo anamwalira ndi Edzi. Mawu amenewo kuchokera kwa mtsogoleri anali achilendo kwambiri.

Ndiye ganizira, m'nyumba muli bambo, mayi, ana ndi apongozi, onse maso pa TV, sewero likukamba za mwamuna wa zibwenzi zamseri, za chokolo, za kulowa kufa, za kukayezetsa magazi musanakwatirane, ndipo likukamba m'Chichewa chathu chomwechi, chopanda kuzungulira. Manganya ankakuseketsa kaye mpaka misozi, uli mkati moseka n'kuzindikira kuti akunena za m'nyumba mwako. Ndimakumbukira tsiku lina sewero litatha, m'chipinda monse munangoti zii, agogo ako aakazi n'kunena kuti, “Ana inu, mwamva? Zimenezi si za pa TV ayi.” Mayi amene sakanatha kukhazika ana awo pansi n'kuyamba okha nkhani yotere, sewero linawatsegulira khomo. Ndikudziwa anthu m'banja mwathu mommuno amene anapita kukayezetsa chifukwa cha zokambirana za usiku ngati umenewo, ndipo ali moyo, akulera zidzukulu. Filimu ya kunja, ngakhale ikome bwanji, sinatichitirepo zotere.

Pambali pake ndiikepo Izeki ndi Jakobo, a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, onse anatisiya, mizimu yawo iuse mumtendere. Awiri amenewa akangoyamba kukangana, ngakhale wodwala ankadzuka pamphasa. Komanso usaiwale kuti anthu ambiri analibe TV. Kumudzi mfumu inali wailesi, ndipo Zimachitika ya a Story Workshop, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC zinkafika kumene TVM sinkafika.

Filimu ya kuno kwathu imene inandiimitsa mutu ndi Seasons of a Life ya a Shemu Joyah, ya 2008. Ndi nkhani ya mtsikana wantchito amene bwana wake anamupatsa mimba, mwanayo n'kuleredwa ndi banja lomwelo, iye n'kupita kusukulu, kukhala loya, n'kubwera kudzamenyera mwana wake kukhoti. Zithunzi zake zinali zoyera, mawu omveka bwino, ndipo inakalandira mphoto ku Zanzibar. Ndinatuluka ndikudziuza kuti kani nafenso tingathe. Nkhani yake ndi ya atsikana ambiri amene timawatenga kumudzi kuti adzatithandize ntchito, ndipo inatisowetsa mtendere ambiri a ife amayi a m'tauni.

Mabuku anali osowa, ndipo atsopano a Chichewa ankatuluka ochepa. Tinkabwerekana akale omwe aja, Njala Bwana la a Willie Zingani, Ikakuona Litsiro Sikata la a Jolly Max Ntaba, zikuto zitachoka, masamba titasoka ndi ulusi. Magazini ya Moni inkayenda nyumba ndi nyumba, ndipo Loweruka tinkalimbirana Tikambe wa mu Malawi News. Koma la zaka zimenezo lenileni, limene ndikufuna uliwerenge, ndi The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, la 2009. Anthu amakonda kukamba za makina a mphepo aja, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anasiya sekondale posowa fizi, n'kupeza buku mu laibulale yaing'ono, n'kumanga makina opanga magetsi ndi mitengo ya bulugama, njinga yakale ya bambo ake ndi zitsulo zotola. Zimenezo n'zonyaditsa ndithu. Koma ine chimene chinandigwira ndi mitu yokamba za njala ya 2001 ndi 2002. Mizere ya ku ADMARC, anthu kudya gaga, banja kudya kamodzi patsiku, kugulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wolira. Ife tinaiona njala imeneyo ndi maso, koma ndinali ndisanaionepo italembedwa m'buku ndi mwana wa kumudzi amene anaimva m'mimba mwake. Ndinawerenga ndikulira.

Filimu yake inatuluka mu 2019, ya Chiwetel Ejiofor, mwina unaionera kale pa Netflix. Ndi yabwino, anaijambulira ku Kasungu konko, koma zambiri za njala ija anazidula. Buku ndili nalo kuno, ukabwera pa holide udzalitenge. Ukamaliza udzawafunse bambo ako za ulendo umene anayenda pa njinga kukasaka chimanga chaka chimenecho, akufotokozere okha, poti iwo ndi amene anapita.