Khoma likuchucha madzi ku Bembeke: pepala lakuda kapena geotextile?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina amene akumanga nyumba pamalo otsetsereka ku Bembeke. Anagumula chitunda, n'kumanga khoma lotchinga dothi chakumtunda. Mvula itakhazikika mu Disembala, khomalo linayamba kuchucha madzi ndipo lachita mng'alu. Mmisiri wawo akuti akumbe kuseri ayale pepala lakuda la pulasitiki, pomwe alamu awo akuti agule nsalu ija amati geotextile. Akufunsa kuti amvere ndani.

Bambo, apa alamu anu ndiwo alasa. Pepala lakuda ntchito yake ndi pansi pa simenti ya m'nyumba, kuletsa chinyezi kukwera. Mukaliyala kuseri kwa khoma popanda potulukira madzi, mwamanga kadamu. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera makilogalamu 1,000, ndiye taganizirani dothi lonse lakuserilo litakhuta mvula ya ku Dedza kuno, yomwe imatha kuvumba masiku angapo osakata.

Geotextile ndi sefa. Imapangidwa ndi ulusi wa pulasitiki wotchedwa polypropylene kapena polyester, ndipo imalola madzi kudutsa koma imagwira dothi. Ilipo yoluka, yooneka ngati thumba la feteleza, imene amayala pansi pa msewu kuti miyala isamire m'matope. Ilipo ina yosaluka, yofewa ngati bulangete. Pa ngalande yochotsa madzi kuseri kwa khoma mufuna yachiwiriyi. Ndaonapo ena akuyala masaka akale kapena masikito. Masikito maso ake ndi aakulu, dothi limangodutsamo, ndipo masaka sachedwa kung'ambika mukathirapo miyala.

Koma musanapite kukagula, yambani mwadziwa dothi lanu. Tapani dothi lochokera pansi pa dzenje, osati lapamwamba la m'munda, linyowetseni pang'ono, mulipote pachikhatho monga amachitira oumba mbiya. Likamanyenyeka osagwirana, muli mchenga wambiri, madzi adutsa msanga. Likapoteka mpaka kuonda ngati kamtengo ka machesi osaduka, ndi dongo. Njira ina: thirani dothi m'botolo la madzi, khutchumulani, muliike pawindo. Mchenga ukhala pansi mphindi imodzi isanathe, pomwe dongo lisiya madzi ali mbuu mpaka mawa kapena mkuja, chifukwa timbewu take n'tochepera mamilimita 0.002.

Katondo wofiira wa m'mapiri mwathu muno amamwa madzi bwinoko kusiyana ndi maonekedwe ake. Wovuta ndi makande a m'dambo, aja amang'aluka mu Okutobala mpaka kulowetsa dzanja, n'kufufuma mvula ikagwa. Amenewa amakankha khoma okha ngakhale madzi atachepa, ndiye musawabwezere kuseri kwa khoma mukamakwirira. Dothi lofumbutuka ngati ufa nalonso n'loipa, limatseka maso a nsalu pang'onopang'ono. Ngati lanu lili lotere, yalani kaye mchenga wa kumtsinje pakati pa dothi ndi nsaluyo.

Kayalidwe kake nkotere. Kumbani kuseri kwa khoma mpaka pamlingo wa maziko, osapyola, ndipo kumbani pang'onopang'ono, chigawo chimodzi kenako china, chifukwa khoma long'aluka silidalirika. Yalani nsalu kuti ikute pansi ndi mbali ya dothi, polumikiza isanjikizane masentimita 30. Thirani miyala ya kwale yotsuka, goneketsani payipi ya PVC ya mamilimita 110 yobowola, mabowo ayang'ane pansi, itsike sentimita imodzi pa mita iliyonse. Onjezani miyala, pindirani nsalu pamwamba ngati mukukulunga chigumu, kenako tsekani ndi dothi lotsendera bwino. Nsaluyi musaisiye pamtetete masabata ambiri, dzuwa limaiwononga. Kumunsi kwa khoma siyaninso timabowo totulukira madzi.

Chimene ambiri amaiwala ndi kumene payipiyo ikathire. Ikhale poonekera, kutali ndi maziko, chimbudzi ndi bwalo la aneba, muikepo kawaya kuti mbewa zisamangemo chisa. Madzi othamanga kuchokera kumtunda ndi a padenga apatseni ngalande yawoyawo yapamwamba, asamalowe m'miyalamu.

Za mng'aluwo, lembani ndi pensulo pomwe wathera, ndi tsiku lake. Ukamakula, kapena khomalo likayamba kupendekera kunyumba, ana asasewerenso pamenepo ndipo itanani injiniya adzaone yekha musanakumbe chilichonse.