Musawaletse ophunzira anu kumasulira

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Mwati mwayamba kuphunzitsa Chingerezi ophunzira a zamalonda ndi zachuma mumzinda wa Kazan ku Russia, ndipo mukufunsa ngati n'koyenera kuletseratu Chirasha m'kalasi, popeza ku maphunziro auphunzitsi anakuuzani kuti kumasulira ndi njira yachikale. Funso limeneli landikhudza kwambiri, chifukwa inenso ndinatsatira langizo lomwelo kwa chaka chathunthu, ndipo amene anavutika nalo anali ophunzira anga.

Pa nthawiyo ndinali nditamaliza maphunziro a zachuma ku Moscow, ndipo madzulo ndinkaphunzitsa kagulu ka anthu apantchito. Ndinkanyadira kuti m'kalasi mwanga simumveka Chirasha ngakhale liwu limodzi. Mmodzi wa iwo, mayi wowerengera ndalama pa kampani ina yoitanitsa zipangizo zamakina kunja, ankayankhula mosadodoma moti ndinkamuona ngati wakhoza kale. Tsiku lina anabwera ndi kalata imene analembera anzake a malonda, ali wokhumudwa chifukwa yankho lawo linasonyeza kuti sanamumvetse. Nditaiyang'ana, ndinapeza kuti analemba kuti kampani yawo yagula "obligations", pamene ankatanthauza zikalata za ngongole zimene Angerezi amazitcha "bonds". M'Chirasha chikalata chotero ndi "obligatsiya". M'munsi mwake analemba mtengo wa chipangizo china kuti 1,250. Kwa Mrasha, amene amalekanitsa tizigawo ta nambala ndi mpatuliro, imeneyo ndi dola imodzi ndi kota, koma wowerenga Chingerezi anaona madola 1250. Ndinakhala chete kwa nthawi, chifukwa ndinazindikira kuti miyezi yonseyo mayiyu ankamasulirabe mumtima mwake, ndipo lamulo langa linangochititsa kuti kumasulirako kuchitikire kumene ine sindikanatha kukuona ndi kukukonza.

Mawu onyenga otere achuluka kwambiri m'chiyankhulo cha zachuma. "Magazin" ndi sitolo, "fabrika" ndi fakitale osati nsalu, "aktsiya" ndi sheya ya kampani, ndipo "realizatsiya" m'mabuku a ndalama ndi kugulitsa katundu. Liwu limodzi lakuti "ekonomika" limaimira chuma cha dziko komanso phunziro la zachuma, zimene Chingerezi chimazisiyanitsa kuti "economy" ndi "economics". "Protsent" ndi peresenti, komanso ndi chiwongoladzanja. Palibe masewero a m'kalasi amene angaulule misampha imeneyi, pokhapokha ziyankhulo ziwirizi zitaikidwa pafupi n'kuziyerekeza.

Ndiyenera kunena kuti amene amadana ndi kumasulira ali ndi chifukwa chake. M'mayunivesite ambiri a ku Russia munali chizolowezi chotchedwa "tysyachi", kutanthauza zikwi: wophunzira ankapatsidwa nkhani ya Chingerezi ya zilembo zikwi zakutizakuti kuti aimasulire m'Chirasha ndi mtanthauziramawu, n'kukaipereka kwa mphunzitsi. Anthu ankatuluka akudziwa kuwerenga koma osatha kulemba chiganizo chawochawo. Komatu vuto linali lakuti ankangomasulira kulowera mbali imodzi, ku chiyankhulo chimene ankachidziwa kale. Mkulu wina pa sukulu imene ndinkaphunzitsa anakana kumva kusiyana kumeneku, ndipo anandidzudzula pamaso pa aphunzitsi anzanga atapeza ndime ya Chirasha pa bolodi. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti analakwitsa.

Palinso mwayi umene inu muli nawo umene mphunzitsi wobadwira ku London alibe. Chirasha chilibe timawu "a" ndi "the", ndipo Chichewa chathu chilibenso. Tonsefe tinavutika nato ku sekondale, choncho tikudziwa pamene pamapweteka. Ife tikafuna kusonyeza kuti chinthu n'chodziwika kale timati "kampani ija" kapena "kampaniyo", pamene Mrasha kawirikawiri amaika chodziwika kale kumayambiriro kwa chiganizo ndi chatsopano kumapeto. Wophunzira akaona kuti chiyankhulo chake chimachita kale ntchito imeneyi m'njira ina, timawuti timasiya kuoneka ngati zokongoletsera chabe, ndipo amamvetsa chifukwa chake mu mgwirizano wa malonda "a buyer" ndi wogula aliyense pamene "the buyer" ndi amene wasaina. Chimodzimodzi ndi nthawi za aneni. Mrasha wofuna kunena kuti wakhala akugwira ntchito ku banki kuyambira 2020 amagwiritsa ntchito mneni wa nthawi yatsopano, n'chifukwa chake amalemba "I work here since 2020". Amalembanso "money are" chifukwa "dengi" ndi dzina lochulukitsa, monga ifenso timati ndalama zatha. Ndiponso amasokoneza "borrow" ndi "lend", zimene kwa ife ndi kukongola ndi kukongoza, ndipo pa nkhani ya ngongole kulakwitsa kumeneku kumasinthanitsa wobweza ndi wolandira.

Zochita m'kalasi

Gawo lalikulu la phunziro likhalebe m'Chingerezi, koma patulani mphindi 15 zomasulira kuchokera m'Chirasha kupita m'Chingerezi. Banki yaikulu ya dzikolo, Bank of Russia, imatulutsa zikalata zake zolengeza chiwongoladzanja m'ziyankhulo zonse ziwiri. Yambani ndi cha mu Okutobala 2024, pamene inachikweza kufika pa 21 peresenti. Ophunzira amasulire ndime imodzi osaona Chingerezi chake, kenako ayerekeze ndi cha bankiyo, akulemba mzere pansi pa "the" aliyense amene anamusiya ndi nambala iliyonse imene anaiika mpatuliro m'malo mwa mpumiro. Pakatha sabata muwapatsenso ndime yomweyo, ndipo aliyense asunge kope la mawu onyenga amene anamukola, "obligatsiya" akhale pa tsamba loyamba.